Musanaike filimu ya nkhondo pa TV ya banja: mmene mungadziwire ngati ili bwino komanso ngati ana angaonere

Kuno ku Mchinji mafilimu ambiri safika ndi chikuto chake ayi. Mwana wapita pa Boma kapena pa Kamwendo kwa anyamata obena aja, wasiya ndalama pang'ono, nde amudzazira memore khadi mpaka pakamwa, maina ake ena ndi manambala chabe, ena angolemba kuti "nkhondo yatsopano" basi. Palibe pamene palembedwa kuti iyi ndi ya akulu, iyi ndi ya ana. Madzulo batire la sola likadzadza banja lonse lili pamkeka, agogo ali pompo, wa sitandade 2 ali pompo, ndipo zimene zitatuluke pa sikirini palibe akudziwa. Bungwe la Censorship Board lilipo ndithu, lamulo lake ndi la 1968, koma silingabwere kudzaima pabalaza panu. Kusefa kwatsalira ife makolo.

Chinthu choyamba chimene ndikufuna mugwire ndi chakuti pali mafunso awiri, ndipo ndi osiyana. Loyamba, kodi filimuyi ndi yabwino, ikunena zoona za zimene zinachitika? Lachiwiri, kodi ndi yoti ana awa, a m'nyumba muno, aonere? Ambirife timawaphatikiza, timati poti ndi nkhani yoona ndiye kuti ndi yophunzitsa, ana aonere. Ayi ndithu. Nthawi zambiri filimu imene ikunena zoona kwambiri za nkhondo ndi imene simungamuonetse mwana wa zaka 8, chifukwa nkhondo yeniyeniyo ndi yoopsa, ndipo ina imene ilibe magazi ndi dontho lomwe ikhoza kukhala yodzadza ndi mabodza. Ndiye funso lililonse liyankheni palokha.

Ndiyambe ndi la ana, chifukwa ndi lachangu.

Pezani kaye dzina lenileni la filimuyo. Limaoneka koyambirira kapena kumapeto kwenikweni pamene akulemba maina a ochita sewero. Mukalipeza lilembeni pa Google pamodzi ndi mawu akuti parents guide, sizidya bandulo yambiri chifukwa ndi zolemba chabe. Pa IMDb, tsamba la pa intaneti la mafilimu, pali chigawo cha dzina lomwelo chimene anthu amalemba chimodzichimodzi: maliseche alipo kapena ayi, magazi ndi ochuluka bwanji, kutukwana, mowa ndi fodya, ndi malo oopsa. Amalemba mosabisa, mpaka kunena kuti apa munthu akuduka mwendo. Muonanso chizindikiro cha zaka. Ku America amagwiritsa G, PG, PG-13 ndi R, ndipo R amatanthauza kuti wosakwana zaka 17 asalowe yekha popanda kholo. Ku Britain ndi U, PG, 12A, 15 ndi 18. Amene muli ndi GOtv kapena DStv zanu n'zosavuta, dinani batani la info pa rimoti muona nambala ngati 13, 16 kapena 18 ndi timalembo pambali pake. V ndi chiwawa, L ndi kutukwana, S ndi zogonana, N ndi maliseche. Dikoda ilinso ndi pini yotsekera mapulogalamu opitirira zaka zimene mwasankha, ambiri sitinaigwiritsepo ntchito chigulireni.

Koma nambala si zonse. Tengani Dunkirk ya 2017, yonena za kupulumutsidwa kwa asilikali pafupifupi 338,000 pagombe la France mu 1940. Inapatsidwa PG-13 chifukwa magazi mulibe kwenikweni. Koma muli anyamata otsekeredwa m'sitima yomwe ikumira, mdima, madzi akukwera, phokoso la ndege likutsika, ndipo mwana amene amaopa madzi kapena mdima zimenezo zimuvutitsa kuposa magazi. Amene anaika nambala aja samudziwa mwana wanu. Inu ndi amene mukudziwa kuti uyu amadzuka usiku akulira akangomva nkhani ya maliro, uyu samva kanthu.

Chitsanzo china chimene chimandikhudza kwambiri ndi Hacksaw Ridge ya 2016, chifukwa imeneyi imakopa mabanja opemphera. Ndi nkhani yoona ya Desmond Doss, mnyamata wa mpingo wa Seventh Day Adventist amene analowa usilikali wa America koma anakana kugwira mfuti, anatumikira ngati wothandiza ovulala, ndipo ku Okinawa mu 1945 anapulumutsa anzake pafupifupi 75 mpaka anapatsidwa mendulo yapamwamba kwambiri ya dziko lawo. Mukamva choncho mukuti eya, iyi ndiye ya banja lonse pambuyo pa Sabata. Ndipo ola loyamba limaonekadi choncho, kuli kumudzi, chibwenzi chaulemu, Baibulo m'thumba, kuzunzidwa kumaphunziro a usilikali chifukwa cha chikhulupiriro. Kenako akangokwera phiri limene pali nkhondo ku Okinawa kuja zinthu zimasintha kamodzin'kamodzi, matumbo panja, anthu akupsa ndi moto, makoswe pa mitembo. Ndi ya R, ndipo moyenera. Filimuyo ndi yabwino, ine ndimailemekeza, koma kholo limene langoona mphindi 20 zoyamba n'kunena kuti ili bwino lalakwitsa, ndipo adzalipira ndi ana usiku umenewo.

Nchifukwa chake kuonera kaye panokha sikuthawika. Sikuti mukhale maola awiri ayi, nthawi imeneyo ndani ali nayo nyengo ya fodya kapena yokolola. Ikani khadiyo mu foni, valani mahedifoni, onerani koyambirira pang'ono kenako muzikoka kamzere ka pansi kaja n'kumaima malo amene mukudziwa kuti pamabisala zinthu. Malo ake ndi omwewo pafupifupi filimu iliyonse ya nkhondo. Pamene nkhondo yoyamba ikuyambika, onani ngati kamera ikukhala patali kapena ikulowa mpaka pabala. Pa tenti ya ovulala, pamenepo ndi pamene amacheka miyendo. Pamene munthu wagwidwa ndi adani, chifukwa chotsatira chake ndi kuzunza. Usiku woti mawa kuli nkhondo kapena asilikali akapita mu tauni kukapuma, pamenepo pamakhala malo omwera mowa ndi zogonana. Ndipo malo amene ine ndimaopa kuposa onse, asilikali akamalowa m'mudzi momwe muli amayi ndi atsikana. Apo musadumphe, onani mpaka mudziwe chimene chachitika, chifukwa kugwirira kumatha kukhalamo ngakhale mu filimu imene kwina konse ndi yodekha. Mukapeza malo awiri atatu okha ovuta, lembani mphindi zake papepala, mudzadumphitse tsiku loonera. Mukapeza kuti pepala likudzadza, filimuyo si ya ana, isiyeni.

Pali chinanso chathuchathu, mafilimu otanthauziridwa m'Chichewa ndi ma DJ aja. Sindikuwanyoza, anyamata amenewa athandiza anthu ambiri, agogo amene Chingerezi samva amatsatira nkhani chifukwa cha iwo ndipo ena ali ndi luso lenileni. Koma dziwani kuti filimu ikadutsa pakamwa pa DJ yasanduka filimu ina, ndipo nambala ya zaka imene mwaipeza pa intaneti ija sikuwerengera zimene iye waonjezera. Ena amatukwana, ena amaponya nthabwala zolaula pamene mu filimu mwenimweni mulibe, ndipo chimene chimandipweteka ine ndi kuseketsa anthu pamene munthu akufa. Msilikali akulira amayi ake, DJ akumupatsa dzina lachipongwe, ana onse gwa ndi phwete. Mwana akuphunzira chiyani pamenepo? Komanso pa nkhani ya mbiri, chaka, dzina la malo, chifukwa chimene akumenyerana, zonsezo nthawi zambiri zimatayika, amangotsala "akuluakulu" ndi "zigawenga". Nde ngati mwasankha yotanthauziridwa, mvetserani DJ-yo mmene mukuonera zithunzi, makutu ndi maso zonse zigwire ntchito.

Tsopano funso lina lija, filimuyi ndi yabwino?

Poyamba onani ngati ndi ya mbiri n'komwe. Si filimu iliyonse yokhala ndi yunifomu ndi akasinja imene ili ya mbiri. Zija tinakulira mu vidiyo sho, munthu mmodzi wopanda malaya akupha gulu lonse zipolopolo osatha, zimenezo ndi zosangalatsa chabe ndipo musamuuze mwana kuti akuphunzira mbiri. Ya mbiri yeniyeni ikatha mukuyenera kutha kuyankha kuti zinachitika liti, kuti, pakati pa ndani, ndipo amalimbirana chiyani. Ngati filimu yatha inu wamkulu simukudziwa kuti linali dziko liti, pali vuto.

Mawu aja amalemba koyambirira oti nkhaniyi yachokera pa zoona musawakhulupirire msanga. Palibe amene amawakakamiza kuti zoonazo zikhale zochuluka bwanji. Chitsanzo chodziwika ndi U-571 ya 2000, imene imaonetsa asilikali a pamadzi a America akulanda makina a Enigma, amene Ajeremani ankabisira mauthenga awo, mu sitima yoyenda pansi pa madzi. Zoona zake n'zakuti amene analanda makinawo mu sitima ya Ajeremani ya U-110 mu May 1941 anali a Britain, ndipo nthawi imeneyo America inali isanalowe n'komwe mu nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, inalowa mu December 1941. Ku Britain anthu anakwiya mpaka nkhani inafika ku nyumba ya malamulo. Filimu yokoma kuonera, koma mwana akailemba pa mayeso walakwa. Njira yachidule yofufuzira ndi kutsegula tsamba la filimuyo pa Wikipedia, mafilimu ambiri a mbiri ali ndi chigawo chofotokoza zimene opanga anasintha. Kusintha pang'ono si tchimo, sangaike zaka zisanu mu maola awiri osaphatikiza anthu ena kapena kufupikitsa masiku. Chimene ine sindilola ndi kusintha amene anachita chinthucho, kusintha amene anapambana, kapena kuyeretsa amene anapha anthu osalakwa.

Tizinthu ting'onoting'ono timaululanso ngati opanga anafatsa. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inatha mu 1945, AK-47 inabwera pambuyo pake, nde mukaiona m'manja mwa msilikali wa Hitler dziwani kuti anthu awa sanafufuze. Msilikali amene wakhala m'ngalande miyezi koma malaya ake ngati angochoka pa ayironi, tsitsi lopesa, sakudwala, samva njala, ameneyo ndi wa mu sewero. Pa nkhondo ya ku East Africa ya 1914 mpaka 1918, imene makolo athu anavutika nayo, malungo, kamwazi ndi njala zinapha anthu ambiri kuposa zipolopolo. Filimu yabwino imakuonetsani kudikira, kutopa, nsabwe, kalata yochokera kumudzi, osati kuombera kokhakokha.

Onaninso mmene ikuchitira ndi imfa. Kwa ine apa ndi pamene filimu yabwino imasiyanirana ndi yachabe. Munthu akagwa, kodi pali amene akumulira, ali ndi dzina, kapena akungogwa ngati mapesi kamera n'kupitirira? Adaniwo ndi anthu, ali ndi mantha awo ndi ana awo, kapena onse ndi nkhope zoipa zongoyenera kuphedwa? Yoipa kwambiri kwa mnyamata wa zaka 14 si imene ili ndi magazi ambiri ayi, ndi imene ikumuuza kuti kupha n'kokoma ndipo sikusiya chilonda mumtima mwa wophayo.

Ndiye pali funso limene ife a kuno tiyenera kulifunsa kuposa ena: nkhaniyi akuifotokoza ndani, ndipo anthu akuda ali pati? Filimu ya Zulu ya 1964 imakondedwa ndi ambiri, ndipo kuno kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni komwe kuli Angoni munthu akaona zishango ndi magule aja mtima umagunda. Inajambulidwa bwino, magazi ndi ochepa poyerekeza ndi za masiku ano, ndipo Mangosuthu Buthelezi anasewera ngati Cetshwayo, mfumu ya Azulu. Koma taonani chimene anasankha kufotokoza. Anasankha nkhondo ya pa Rorke's Drift ku South Africa, pamene asilikali a Britain pafupifupi 150 anateteza kampu yawo kwa ankhondo achizulu zikwi zingapo mu January 1879. Tsiku lomwelo nkhondoyo isanayambe, pa 22 January, Azulu anali atagonjetsa gulu lalikulu la Britain ku Isandlwana n'kupha anthu opitirira 1,300, koma zimenezo zimangoonekera pang'ono koyambirira. Mzungu aliyense ali ndi dzina ndi khalidwe lake, Azulu ambiri ndi khamu chabe lobwera kuchokera kuphiri. Ndipo funso loti a Britain ankafuna chiyani m'dziko la eni silifunsidwa. Sindikuti musaonere, ndi imodzi mwa zimene mwana wa sekondale angaonere ndi makolo. Ndikuti muziuza ana kuti kamera inaima mbali imodzi.

Zimenezi n'zofunika chifukwa mwana akaonera mafilimu khumi a nkhondo zikuluzikulu osaonamo munthu wakuda, amaganiza kuti ife kunalibe. Chikhalirecho tinalimo, ndipo tinalipira kwambiri. Mu August 1914 pa nyanja yathu yomweyi sitima ya Guendolen inaononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann, mu September chaka chomwecho kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Amuna a Nyasaland pafupifupi 200,000 anatengedwa ngati amtengatenga, kusenza katundu wa asilikali mitunda yosaneneka, ambiri osabwerera. John Chilembwe analemba kalata yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza, miyezi yochepa asanaukire atsamunda mu January 1915. Mkulu wa asilikali a Germany kuno, von Lettow-Vorbeck, anadzagonja pa 25 November 1918 ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia, patatha masabata awiri nkhondo itatha kale ku Ulaya. Pa nkhondo yachiwiri asilikali athu a King's African Rifles anakamenya ku Ethiopia, ku Madagascar mpaka ku Burma. Ngakhale boma lathu lino linkatchedwa Fort Manning, linga limene atsamunda anamanga nthawi imene anagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898. Filimu ya kunja siidzakuuzirani ana anu zimenezi, muonjezere ndinu.

Musanadine play ganizirani kaye amene ali m'nyumbamo, osati ana okha. Boma lino linalandira anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992, ena anakwatira konkuno ndipo lero ndi agogo m'makomo mwathu. Kuli mabanja amene mwana wawo ndi msilikali ndipo anapitako ku DRC kukasungitsa mtendere, komwe asilikali athu ena anataya miyoyo mu 2018. Kwa anthu otere kulira kwa mfuti pa sipika si sewero. Afunseni mwaulemu, "Agogo, tikufuna tiike ya nkhondo, muli nazo bwino?" Akangoti chete kapena kudzuka kupita panja, musawakakamize ndipo tsitsani voliyumu.

Za zaka, awa ndi maganizo anga, inu mudzayeza ndi ana anu. Osakwana zaka 10 ine sindiwaonetsa filimu ya nkhondo, ngakhale yodekha, nkhani ya mbiri amve pakamwa. Kuyambira 12 kapena 13 akhoza kuonera za PG-13 kapena 12A zimene mwaziona kale, inu muli pambali. Za R ndi 15 zidikire mpaka afike fomu 3 kapena fomu 4, ndipo ngakhale apo zokhala ndi kugwirira kapena kuzunza akaidi ine ndimazichotsa. Vuto la nyumba zathu ndi lakuti TV ndi imodzi, chipinda chochezera ndi chimodzi, nde wamkulu akamaonera wamng'ono ali pakhomo akusuzumira. Dikirani ang'ono agone kwenikweni, kapena onerani masana Loweruka iwo ali kosewera.

Tsiku loonera rimoti ikhale m'manja mwanu. Musanayambe auzeni mwachidule kuti izi zinachitika chaka chakuti, dziko lakuti, awa akumenyana ndi awa chifukwa chakuti, ndipo muli malo ena oopsa, amene akuopa anene tiimitsa, palibe womuseka. Mawu omalizawo ndi ofunika kwa anyamata, chifukwa amaopa kuoneka amantha pamaso pa akulu awo. Muziyang'ana nkhope zawo kuposa sikirini. Mwana amene waleka kutafuna chimanga chake chokazinga, wakokera miyendo pachifuwa, chitenje chafika pamphuno maso okha ali panja, ameneyo zamukwana ngakhale akunena kuti "ndili bhobho". Imitsani, yatsani nyali, mufunseni chimene waona. Nthawi zina chimene chamuopsa si chimene inu mumaganiza, mwina ndi hatchi imene yaomberedwa kapena mwana amene wasiyidwa yekha pamsewu.

Ikatha musangozimitsa n'kuti kagoneni. Afunseni kuti ndani anawamvera chisoni, ndi chiyani akuganiza kuti opanga filimu anangopeka, anthu wamba a m'midzi ija anathawira kuti. Masiku otsatira tcherani khutu, kulota zoopsa, kukana kutuluka kukataya madzi usiku, kukodza pogona kwa mwana amene anasiya kale. Kusewera nkhondo ndi mfuti za mapesi kokha si vuto, tonse tinasewera, koma mukaona akumanga mnzake manja n'kumamukwapula kutsanzira zimene anaona, khalani naye pansi ndipo mafilimu otere ayambe aima.

Wina akafunsa kuti "kodi kwathu kuno alipo anapita ku nkhondo?", limenelo ndi funso labwino kuposa onse, musaliyankhe mothamanga. Pitani naye kwa akuluakulu a pamudzi kapena kwa a mfumu akafunse yekha, mabanja ambiri akadali ndi dzina la agogo amene anapita ku Burma kapena amene anatengedwa kukasenza katundu, ena akusungabe mendulo kapena chithunzi mu sutikesi. Alembe dzinalo, mudzi, ndi chilichonse chimene akuluwo akukumbukira. Mu November Lamulungu lachiwiri dziko limakumbukira asilikali amene anafa pa nkhondo, mwambo wake umaulutsidwa pa wailesi, ndipo amene mungakwanitse ulendo wa ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks pali chipilala cha King's African Rifles chimene mwana wa sekondale ayenera kuchiona ndi maso ake.